Johann Coaz

Johann Wilhelm Fortunat Coaz (31 Meyi 1822 – 18 Ogasiti 1918) anali katswiri wa za nkhalango, woyeza malo ndi kujambula mapu, komanso wokwera mapiri wa ku Switzerland. Amadziwika ngati mmodzi wa anthu oyamba kufufuza mwadongosolo za chigumukire cha chipale chofewa, chomwe ndi kugumuka kwa chipale chimene chaunjikana m'phiri n'kutsikira kuchigwa ndi liwiro lalikulu. Iye anasonyeza kuti chigumukire sichigwa paliponse mwachisawawa. Chili ndi malo ake oyambira ndi njira zake zodutsamo, ndipo malowa angathe kulembedwa, kujambulidwa pa mapu ndi kutetezedwa. Coaz anali mkulu woyamba woyang'anira nkhalango za dziko lonse la Switzerland, udindo umene anaugwira kuyambira mu 1875 mpaka mu 1914. Mu 1850, iye ndi anzake awiri anakhala anthu oyamba kufika pansonga pa Piz Bernina, phiri lalitali kwambiri kum'mawa kwa mapiri a Alps.

Ubwana ndi maphunziro

Coaz anabadwira mumzinda wa Antwerp, womwe lero uli m'dziko la Belgium koma pa nthawiyo unali mu ufumu wa Netherlands. Bambo ake, a Johann Coaz, anali msilikali waudindo amene ankagwira ntchito kunja kwa dziko lawo, monga ankachitira amuna ambiri a ku Switzerland masiku amenewo. Mayi ake anali a Salomé Köhl. Kwawo kwenikweni kwa banjali kunali ku Graubünden, chigawo chachikulu cha mapiri okhaokha kum'mawa kwa Switzerland, kumene anthu amalankhula Chijeremani, Chiromanshi ndi Chitaliyana. Coaz anakulira ndi kuphunzira ku Chur, likulu la chigawochi.

Kuyambira mu 1841 mpaka mu 1843 anaphunzira pa sukulu ya za nkhalango ya ku Tharandt, pafupi ndi mzinda wa Dresden ku Germany. Sukuluyi inali imodzi mwa sukulu zotchuka kwambiri pa maphunziro amenewa ku Ulaya konse. Inkaphunzitsa kuti nkhalango iyenera kuyezedwa ndi kuwerengedwa, ndipo mitengo yodulidwa pa chaka isapose imene nkhalangoyo ingabwezeretse. Chizolowezi choyeza ndi kulemba chilichonse anakhala nacho moyo wake wonse.

Ntchito yoyeza mapiri

Mu 1844 Coaz analembedwa ntchito ndi ofesi ya boma yojambula mapu, yomwe mkulu wake anali Guillaume-Henri Dufour. Ofesiyi inali pa ntchito yojambula mapu oyamba olondola a dziko lonse, omwe anatuluka m'zigawo 25 pakati pa 1845 ndi 1865 ndipo amatchedwa mapu a Dufour. Coaz anapatsidwa mapiri a ku Graubünden, makamaka chigwa cha Engadin ndi madera oyandikana nacho.

Ntchitoyi inkafuna kukwera nsonga zazitali ndi zipangizo zolemera, kuti woyeza athe kuona nsonga zina n'kuwerengera kutalika kwake ndi mtunda wa pakati pake. Motero Coaz anakhala munthu woyamba wodziwika kukwera mapiri angapo, monga Piz Kesch mu 1846 ndi Piz Quattervals mu 1848. Nsonga zambiri zinalibe mayina chifukwa abusa a ziweto analibe chokazifunira, ndipo mayina ena omwe ali pa mapu lero anawapereka ndi iye. Mawu akuti Piz m'Chiromanshi amatanthauza nsonga ya phiri.

Mu Novembala 1847 ku Switzerland kunabuka nkhondo yapachiweniweni ya Sonderbund, yomwe sinathe ngakhale mwezi umodzi. Dufour ndi amene anatsogolera asilikali a boma, ndipo Coaz anali mlembi wake. Nkhondo itatha anabwerera kumapiri.

Zaka zimene anayenda wapansi m'zigwa za Graubünden zinamuthandiza kudziwa malo bwino lomwe. Ankaona mipata yoyera pakati pa nkhalango, yoyambira pamwamba pa phiri mpaka kumtsinje, momwe mitengo ikuluikulu simera chifukwa chipale chimasesa malowo chaka ndi chaka.

Kukwera Piz Bernina

Pa 13 Seputembala 1850, ali ndi zaka 28, Coaz ndi omuthandiza awiri apachibale, Jon ndi Lorenz Ragut Tscharner, ananyamuka cha m'ma 6 koloko m'mawa kuchokera pa nyumba ya alendo ya m'njira ya Bernina. Anadutsa pa Morteratsch, womwe ndi mtsinje wa madzi oundana umene umayenda pang'onopang'ono chotsika phiri, ndipo anavutika kupeza njira pamalo ena pomwe madzi oundanawo anang'ambika ming'alu yakuya. Anafika pansonga cha m'ma 6 koloko madzulo, n'kuimikapo mbendera ya Switzerland. Potsika kunawadera, koma kuwala kwa mwezi kunawathandiza mpaka anafika pogona pakati pa usiku, atayenda maola pafupifupi 20.

Piz Bernina ndi lalitali mamita 4,049, kutanthauza kuti limaposa nsonga ya Sapitwa ya m'phiri la Mulanje ndi mamita oposa 1,000. Dzina la phirili anapereka ndi Coaz yemwe, potengera dzina la njira yodutsa pafupi nalo.

Nkhalango za ku Graubünden

Mu 1851 Coaz anasankhidwa kukhala mkulu wa nkhalango m'chigawo cha Graubünden, ndipo anakhala pa udindowu zaka 22. Anapeza nkhalango zitatha m'malo ambiri. Midzi inkagulitsa mitengo kwa amalonda omwe ankadula phiri lonse nthawi imodzi n'kutumiza mitengoyo kunja kudzera m'mitsinje. Migodi ndi ng'anjo zosungunulira zitsulo zinali zitadya nkhuni zambiri, ndipo mbuzi zinkadya mitengo ing'onoing'ono isanakule.

Anthu a m'mapiri ankadziwa kalekale kuti nkhalango imateteza mudzi. Ku Andermatt, lamulo la mu 1397 linaletsa kudula mtengo uliwonse m'nkhalango ya pamwamba pa mudziwo, ndipo nkhalangoyo ilipo mpaka lero. Koma malamulo otere anali a mudzi umodziumodzi, ndipo umphawi unkachititsa kuti aziphwanyidwa. Coaz anayamba kuphunzitsa alonda a nkhalango a m'midzi, kukhazikitsa nazale za mitengo, ndi kulimbikitsa midzi kuti izikhala ndi dongosolo lolembedwa la kadulidwe ka mitengo. Vuto limodzi linamukanika ndi mbande zokha: pamalo pomwe chigumukire chimadutsa, mbande zodzalidwa zinkathyoledwa ndi chipale zisanakule. Kuti nkhalango ibwerere, panafunika kuyamba kuletsa chipalecho kugumuka.

Mmene chigumukire cha chipale chimayambira

M'mapiri a Alps chipale chofewa chimagwa kwa miyezi ingapo, ndipo chimaunjikana mosanjikizana ngati mabulangete oyalidwa lina pamwamba pa linzake. Chipale cha tsiku lililonse chimakhala chosiyana ndi cha tsiku lina, malinga ndi kuzizira, mphepo ndi dzuwa. Nsanjiko zina zimagwirana n'kulimba, pamene zina zimakhala zosagwirana ngati shuga. Nsanjiko yolimba ikakhala pamwamba pa yofooka pamalo otsetsereka, kulemera pang'ono kowonjezera kungathe kuphwanya yofookayo. Mng'alu umafalikira mofulumira m'kati, ndipo chibenthu chachikulu cha chipale chimasendemuka nthawi imodzi.

Njira ya chigumukire ili ndi mbali zitatu: poyambira pamwamba, podutsira pakati, ndi pothera m'munsi pomwe chipale chimaunjikana. Zigumukire zambiri zimayambira pamalo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45. Pamalo osatsetsereka kwambiri chipale chimakhazikika, ndipo pamalo ochita phompho chimangoyoyoka pang'onopang'ono osaunjikana.

M'nthawi ya Coaz anthu ankasiyanitsa makamaka mitundu iwiri. Woyamba ndi chigumukire cha chipale chouma, chomwe chimauluka ngati mtambo wa fumbi ndipo chingathe kuthamanga makilomita oposa 200 pa ola. Mphepo imene chimakankha kutsogolo kwake imagwetsa mitengo ndi nyumba chipalecho chisanafike. Izi n'zimene zinachitika ku Goppenstein mu Febuluwale 1908, pomwe mphepo yotere inagwetsa hotela n'kupha anthu oposa khumi pa nthawi yokumba ngalande ya njanji ya Lötschberg. Wachiwiri ndi chigumukire cha chipale chonyowa, chomwe chimabwera kukayamba kufunda. Chimenechi chimayenda pang'onopang'ono koma n'cholemera kwambiri, ndipo chimakokolola dothi, miyala ndi mitengo.

Nkhalango yothithikana imathandiza m'njira zingapo. Nthambi zimagwira chipale china n'kuchigwetsa m'zibuma, zomwe zimasokoneza nsanjiko zosalala. Mitengo imachepetsa mphepo younjika chipale, ndipo mathunthu amachigwira kuti chisasendemuke. Koma chigumukire chikayambira pamwamba pa malire a mitengo n'kutenga liwiro, nkhalango singachiimitse. Chimaithyola.

Makoma a ku Martina

Coaz asanayambe ntchito yake, chitetezo chambiri chinkamangidwa m'munsi, pafupi ndi nyumba. Ku Davos Frauenkirch, tchalitchi chitagwetsedwa ndi chigumukire mu 1602, anachimanganso ndi khoma losongoka ngati mphuno ya bwato kumbali yoyang'ana phiri, kuti lizigawa chipale pakati. Njira zotere zinkateteza nyumba imodzi, koma minda, misewu ndi nkhalango zinkawonongekabe.

Cha m'ma 1868 Coaz anatsogolera ntchito ya mtundu wina pamwamba pa mudzi wa Martina, kumunsi kwa chigwa cha Engadin pafupi ndi malire a Austria. M'malo molimbana ndi chigumukire chitatenga kale mphamvu, anamanga pamalo pomwe chimayambira. Anayala mizere ya makoma a miyala yosanjidwa popanda simenti mopingasa phiri, pamodzi ndi mizere ya zikhomo zamitengo, kuti zigwire chipale ndi kuchigawa m'zigawo zing'onozing'ono. Pakati pa mizereyo anadzalapo mitengo, n'cholinga choti ikakula idzatenge ntchito ya makomawo. Ntchito ya ku Martina imatengedwa ngati yoyamba ku Switzerland yomangidwa pamalo oyambira chigumukire motsatira pulani ya katswiri.

Njirayi inafalikira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1880 makoma ambiri a miyala anamangidwa m'phiri la Schafberg pamwamba pa Pontresina, ndipo njanji zatsopano zodutsa m'mapiri, monga ya Albula ndi ya Lötschberg, zinatetezedwa m'njira yofananayo.

Mkulu wa nkhalango za dziko lonse

Mu Seputembala ndi Okutobala 1868, mvula yamphamvu inasefukitsa mitsinje kumbali zonse ziwiri za mapiri a Alps, ndipo anthu pafupifupi 50 anafa. Lipoti la katswiri wina wa nkhalango, Elias Landolt, la mu 1862 linali litachenjeza kale za kutha kwa nkhalango za m'mapiri, ndipo ngoziyi inachititsa anthu ambiri kuvomereza kuti nkhaniyi siingasiyidwe m'manja mwa midzi yokha. Malamulo aakulu a dziko a mu 1874 anapatsa boma lalikulu mphamvu yoyang'anira nkhalango ndi mitsinje ya m'mapiri.

Coaz, yemwe kuyambira mu 1873 anali mkulu wa nkhalango ku St. Gallen, anaitanidwa ku Bern mu 1875 kuti akhale woyamba pa udindo watsopano woyang'anira nkhalango za dziko lonse. Lamulo la nkhalango la mu 1876 linati nkhalango za m'mapiri zisachepe kukula kwake, malo odulidwa adzalidwenso, ndipo boma lalikulu lizithandiza ndi ndalama pa ntchito yodzala mitengo yoteteza anthu. Pambuyo pake mphamvu ya boma inafutukulidwa kufikira dziko lonse, ndipo lamulo latsopano linatuluka mu 1902. Ofesi ya Coaz inkayang'aniranso za ulenje ndi usodzi. Kuyambira nthawi imeneyo nkhalango za ku Switzerland zakhala zikuwonjezeka, ngakhale kuti zinthu zina zinathandizanso, monga kubwera kwa malasha pa sitima zomwe zinachepetsa kudalira nkhuni, ndi kusamuka kwa anthu kuchoka kumapiri.

Kaundula wa zigumukire

Ntchito yaikulu ya Coaz pa sayansi inali yosonkhanitsa mbiri ya zigumukire. Anapempha ogwira ntchito za nkhalango m'zigawo zonse za m'mapiri kuti azilemba njira iliyonse ya chigumukire m'dera lawo: poyambira pake, nyengo imene chimagwa, kuchuluka kwa maulendo, ndi zimene chimawononga. Zambiri mwa izi zinachokera kwa alimi ndi abusa, omwe ankadziwa makwawa oopsa ndi mayina awo.

Mu 1881 anatulutsa buku lotchedwa Die Lauinen der Schweizeralpen, lofotokoza za zigumukire za m'mapiri a Switzerland, mitundu yake ndi njira zozitchingira. Linakhala buku lodaliridwa kwa zaka zambiri, ngakhale m'mayiko oyandikana nawo. Nyengo yozizira ya 1887 mpaka 1888 inali yoopsa kwambiri: zigumukire zoposa 1,000 zinalembedwa, anthu 49 anafa, ndipo ziweto, nyumba ndi nkhalango zambiri zinawonongeka. Coaz anasonkhanitsa zonsezi mu lipoti lomwe linatuluka mu 1889. Kenako anakonza mapu a zigumukire a dziko lonse, ndipo mu 1910, ali ndi zaka 88, anatulutsa buku la Statistik und Verbau der Lawinen in den Schweizeralpen, lomwe linandandalika njira za zigumukire zoposa 9,000.

Kaundulayu anasonyeza kuti njira zina zimagumuka chaka chilichonse, zina kangapo pa chaka, pamene zina zimatha zaka makumi ambiri zili chete. Zachetezo n'zimene zimapha anthu ambiri m'midzi, chifukwa m'badwo umene unaona ngozi ukatha, ana awo amamanga nyumba panjira pomwepo. Cholembedwa chimasunga zimene anthu amaiwala.

Kusamalira chilengedwe

Coaz anali mmodzi wa atsogoleri oyambirira a bungwe la okwera mapiri la Swiss Alpine Club m'dera la kwawo. Ankakondanso za zomera, ndipo anayendera chigwa cha S-charl pamodzi ndi katswiri wa zomera Carl Schröter, n'kulemba za nkhalango zake. Anathandiza pa ntchito yokhazikitsa Swiss National Park ku Engadin, m'dera lomwe iye analiyeza ali mnyamata. Malo otetezedwawa anatsegulidwa pa 1 Ogasiti 1914, ndipo ndi amodzi mwa akale kwambiri ku Ulaya. Anathandiziranso kubwezeretsa mbuzi zakutchire za nyanga zazitali zotchedwa ibex, zomwe zinali zitatheratu ku Switzerland chifukwa cha ulenje. Zoyamba zinamasulidwa m'mapiri a ku St. Gallen mu 1911.

Banja, ukalamba ndi imfa

Coaz anakwatira Pauline Lütscher wa ku Haldenstein, mudzi wa pafupi ndi Chur. Mu 1902 yunivesite ya Bern inamupatsa digiri yaulemu ya udokotala. Anapuma pa ntchito mu 1914 ali ndi zaka pafupifupi 92, atatumikira boma zaka 70. Anabwerera ku Chur, kumene anamwalira pa 18 Ogasiti 1918 ali ndi zaka 96. Nyumba yogonamo okwera mapiri ya Chamanna Coaz, yomwe ili kumutu kwa chigwa cha Roseg pafupi ndi Piz Bernina, inatchulidwa dzina lake.

Zimene ntchito yake sinafikepo

Coaz ankayang'ana kwambiri malo: kutsetsereka kwa phiri, nkhalango, ndi mbiri ya zimene zinachitikapo. Funso lakuti chigumukire chimagwa kuti analiyankha bwino. Funso lakuti chigwa liti linkafuna kudziwa zimene zimachitika m'kati mwa chipale, ndipo kafukufuku wa mtundu umenewu anakula iye atamwalira. Makoma ake a miyala analinso ndi malire. M'zaka za chipale chambiri, mphepo inkadzaza kumbuyo kwa makomawo mpaka kuwakwirira, ndipo chigumukire chinkadutsa pamwamba pake.

Mu 1931 boma linakhazikitsa komiti yofufuza za chipale ndi zigumukire, ndipo mu 1936 akatswiri anayamba kuyeza chipale pa Weissfluhjoch, pamwamba pa Davos. Apa m'pamene panachokera bungwe la kafukufuku la SLF. Mmodzi wa akatswiriwo, Robert Haefeli, anakonza ndodo yachitsulo yokhomerera m'chipale poyeza kulimba kwa nsanjiko iliyonse. Kuyambira mu 1945 bungweli limatulutsa chenjezo la zigumukire kwa anthu onse. Nyengo yozizira ya 1950 mpaka 1951 itapha anthu 98 ku Switzerland, makoma a miyala anayamba kulowedwa m'malo ndi mipanda yazitsulo ndi maukonde a waya. Mfundo ya Coaz yogwira chipale pamalo oyambira sinasinthe, chinasintha ndi zomangira.

Ochita masewera a ski

Coaz ankateteza midzi, misewu ndi nkhalango. Masewera a ski, omwe munthu amatsetsereka pa chipale atavala timatabwa tiwiri tatitali kumapazi, anafika ku Switzerland iye atakalamba. Mu 1894 wolemba mabuku Arthur Conan Doyle anayenda pa ski kuchokera ku Davos kukafika ku Arosa ndi abale awiri a banja la Branger, ndipo mu 1897 Wilhelm Paulcke, yemwe anadzakhala katswiri wa zigumukire, anadutsa mapiri a Bernese Oberland pa ski. Lero anthu ambiri amene amafa ndi zigumukire ku Switzerland, omwe amakhala pafupifupi 20 pa chaka, si a m'nyumba ayi koma oyenda m'mapiri kutali ndi malo osamalidwa. Pa ngozi 10 zilizonse zotere, pafupifupi 9 chigumukire chimayambitsidwa ndi wovulalayo kapena mnzake wa pagulu lomwelo.

Woyenda m'malo otere amaunika zinthu zitatu: nyengo ndi chipale, malo, ndi anthu a pagulu lake. Asananyamuke amawerenga chenjezo la tsikulo, lomwe kuyambira mu 1993 limatsatira muyezo wa magawo 5 wogwirizana ku Ulaya konse. Imfa zambiri zimachitika pa gawo 2 ndi 3, makamaka 3, chifukwa pa magawo apamwamba anthu amaopa n'kukhala kunyumba. Pa mapu amayang'ana malo otsetsereka kuposa madigiri 30 ndi mbali imene phiri layang'ana, popeza mbali yamthunzi imasunga nsanjiko zofooka nthawi yaitali ndipo mbali yobisika ku mphepo ndi kumene chipale chouluzika chimaunjikana.

Ali m'phiri amayang'ana zizindikiro: zigumukire zatsopano pafupi, ming'alu yothamanga kuchokera pamene waponda, phokoso lakuya ngati chipale chatitimira pansi pake, chipale chambiri chongogwa kumene, kapena kufunda kwadzidzidzi. Ena amakumba dzenje kuti aone nsanjiko, n'kudula chipilala cha chipale ndi kuchimenya pamwamba kuti aone pamene chidukire. Kuyeza kotere kumangonena za malo okumbidwawo, choncho zotsatira zoipa n'chifukwa chokwanira chobwerera, koma zotsatira zabwino si chilolezo. M'zaka za m'ma 1990 mlangizi wa okwera mapiri Werner Munter anafalitsa njira yosavuta yophatikiza gawo la chenjezo ndi kutsetsereka kwa malo: chenjezo likakwera, munthu asankhe malo osatsetsereka kwambiri. Pamalo okayikitsa anthu amadutsa mmodzimmodzi, ndipo aliyense amanyamula kachipangizo kotumiza ndi kulandira chizindikiro, ndodo yofufuzira ndi fosholo. Munthu wokwiririka akafukulidwa m'mphindi 15 zoyambirira mwayi wopulumuka umakhala waukulu, koma umatsika mofulumira pambuyo pake chifukwa chosowa mpweya.

Chipale chimasintha tsiku ndi tsiku ndipo n'chovuta kuchidziwa bwinobwino, pamene malo sasintha. N'chifukwa chake kusankha njira molingana ndi malo, komwe ndi mbali imene Coaz anaigwirira ntchito, kudakali chida chodalirika kwambiri. Mu 2018, patatha zaka 100 chimwalirireni iye, bungwe la UNESCO linaika luso lothana ndi zigumukire la ku Switzerland ndi Austria pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu choyenera kusungidwa.

Kufanana ndi mapiri a ku Malawi

Ku Malawi sikugwa chipale chofewa, koma mapiri a m'chigawo cha kumwera ali ndi chigumukire cha matope ndi miyala chomwe anthu amachitcha napolo. Chinagwa ku Zomba mu Disembala 1946, ku Phalombe mu Malichi 1991 pomwe anthu mazanamazana anafa, komanso mu Malichi 2023 pa nthawi ya namondwe wa Freddy, pomwe matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Maboma a Chiradzulu, Mulanje, Phalombe ndi Thyolo anakhudzidwanso kwambiri, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa.

Choyambitsa n'chosiyana, chifukwa napolo amabwera dothi likakhuta madzi a mvula ya masiku angapo n'kusendemuka pamwamba pa thanthwe. Koma kayendedwe kake n'kofanana ndi ka chigumukire cha chipale: pali poyambira pamalo otsetsereka, podutsira m'khwawa, ndi pothera m'munsi, pomwe nthawi zambiri pamakhala malo osalala okopa omanga nyumba.

Ku Thyolo, nkhalango yachilengedwe ya m'phiri la Thyolo inadulidwa pafupifupi yonse kuyambira m'zaka za m'ma 1990 chifukwa cha kusowa kwa malo olima, m'boma lomwe malo ambiri achonde ali m'manja mwa maesiteti a tiyi. Kachigawo kamene katsala kali mbali ya esiteti ya Satemwa. M'minda ya tiyi dothi limakhala lophimbika chaka chonse ndipo mitengo ya m'mbali mwa mitsinje ina inasiyidwa, pamene minda ya chimanga ya m'malo otsetsereka imakhala yapululu mvula ikamayamba. Mizu ya mitengo imagwira dothi la pamwamba ndi kuchepetsa kukokoloka, ngakhale singaletse kugumuka kozama pa mvula yoopsa, monganso nkhalango za ku Alps sizingaimitse chigumukire choyambira pamwamba pake. Njira zimene Coaz anagwiritsa ntchito, zomwe ndi kufunsa anthu okhala pamalopo, kulemba khwawa lililonse lomwe linagumukapo, kuteteza malo oyambira ndi kupewa kumanga pothera, n'zimenenso akatswiri a za miyala ndi a ngozi zogwa mwadzidzidzi amagwiritsa ntchito pojambula mapu a malo oopsa m'mayiko otentha.